Wogula Nyumba Amagula ndi Anansi Omwe

M'gawo lino la nkhani zathu za moyo wa m'tauni ndifuna kuti tiyendere limodzi dera la Sunnyside mu mzinda wa Blantyre. Ndikudziwa kuti ena mwa inu, makamaka achinyamata amene mwangotsiriza kumene sukulu ndiponso aphunzitsi anzanga amene malipiro amakutherani mwezi usadafike pakati, mwayamba kale kuseka n'kumati: "Za ku Sunnyside zitikhudza bwanji ife? Kumeneko n'kwa anthu a matumba olemera." Dekhani pang'ono, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mzinda uli ngati thupi la munthu, chala chikatupa mutu sugona tulo. Zimene zikuchitika kuseri kwa mipanda ya ku Sunnyside zili ndi gawo pa lendi imene mumalipira ku Chilobwe, ndiponso pa ndalama ya minibasi imene mumataya m'mawa uliwonse pochokera ku Machinjiri.

Kwa amene simudafikeko, Sunnyside ili pakhomo penipeni pa tauni. Munthu akatsika ndi msewu wa Victoria Avenue, nadutsa bwalo la gofu la Blantyre Sports Club ngati akulowera njira ya ku Chikwawa, ndiye kuti wafika. Wa miyendo yabwino amachoka pakhomo pake n'kufika ku mabanki ndi ku maofesi thukuta lisadanyowetse malaya. Mapoloti ake ndi aakulu, mitengo yake ndi yakalekale, ndipo masana kumakhala zii, kungomveka mbalame ndi agalu. Kumeneko kuli sukulu ya pulayimale ya St Andrew's, kumene ana a mitundu yosiyanasiyana amaphunzira pamodzi. Wobwera koyamba amaganiza kuti wafika kumalo kumene mavuto a mzinda sadziwako njira. Koma tisafulumire kuyamikira chikomekome cha mkuyu tisadaung'ambe.

Kuti timvetse za lero tiyenera kuyamba ndi za dzana. Blantyre adayamba mu 1876 pamene amishoni a Church of Scotland adamanga misasa yawo m'dziko la mfumu Kapeni, natcha malowo dzina la mudzi umene David Livingstone adabadwira. Amalonda a African Lakes adatsatira, ndipo nyumba yawo ya Mandala, imene idamangidwa mu 1882, ikadalipo. M'zaka za m'ma 1890 tauniyo idakhala ndi khonsolo yakeyake. Limbe adakula pambuyo pake chifukwa cha njanji ndi fodya, ndipo matauni awiriwa adalumikizidwa mu 1956. Amwenye nawo adafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, natsegula masitolo ku Blantyre ndi ku Limbe. Chomwecho mzinda uno sudakhalepo wa mtundu umodzi chiyambire. Ayao, Amang'anja, Angoni, Alomwe, Azungu ndi Amwenye adaumanga pamodzi, ngakhale kuti sadaloledwe kuudya pamodzi.

Kuno ku Nyasaland kudalibe lamulo lalikulu logawa malo okhala potsata khungu longa Group Areas Act ya ku South Africa ya 1950. Tsankho lathu lidayenda mwakachetechete ngati madzi a pansi pa mchenga. Khonsolo idali m'manja mwa Azungu, malamulo a kamangidwe adafuna nyumba zimene munthu wakuda wa malipiro a nthawi imeneyo sakadatha kumanga, ndipo malo abwino adali kale ndi eni ake. Zotsatira zake zidali zimodzimodzi: Azungu ku Sunnyside ndi kumadera ena a mapoloti aakulu, Amwenye pafupi ndi masitolo awo, ndipo eni dziko ku Ndirande ndi kumidzi ina yozungulira tauni, kumene ankadzuka tambala woyamba kuti akafike pantchito.

Koma pali chinthu chimodzi chimene timachiiwala. Sikudakhalepo tsiku limene ku Sunnyside kudalibe munthu wakuda. Makhukhi, osamalira maluwa, ochapa zovala, olera ana ndi alonda adalipo kuyambira pachiyambi, ndipo mwina adali ochuluka kuposa mabwana awo. Kuseri kwa nyumba yaikulu iliyonse kudali kanyumba ka zipinda ziwiri kamene mpaka lero timakatcha boyizi kota, dzina lochititsa manyazi popeza ogonamo adali abambo a imvi ndi ana awo. Tsono tisamanene kuti Sunnyside yasanduka dera la mitundu yambiri masiku ano okha. Mitundu idalipo kale. Chimene chidasiyana n'chakuti ena ankalowera khomo la kumaso, ena la kuseri.

Ufulu wa 1964 udatsegula khomo la kumaso. Amalawi a maudindo m'boma ndi m'makampani adayamba kulowa m'nyumba zimene makolo awo ankangozisesa. M'zaka za m'ma 1970 boma lidalamula amalonda Achimwenye kuchoka kumidzi ndi kukhala m'matauni akuluakulu okha, kotero kuti mabanja ambiri adadzakhazikika ku Blantyre ndi ku Limbe. Pambuyo pake kudabwera madokotala ndi aphunzitsi a ku College of Medicine, imene idatsegulidwa mu 1991, antchito a mabungwe othandiza, ndi amalonda ochokera kumaiko ena a mu Africa ndi a ku Asia. Lero pamsewu umodzi wa ku Sunnyside mukhoza kupeza Mtumbuka wa ku Rumphi, Msena wa ku Nsanje, Mmwenye wobadwira ku Limbe amene Chichewa chake n'chothyakuka kuposa cha ana athu, ndi Mzungu wobwera pa kontirakiti ya zaka ziwiri. Lachisanu wina ali ku mzikiti, Loweruka wina ali ku Sabata, Lamulungu wina ali ku misa. Poona ndi maso, loto la makolo athu lidakwaniritsidwa.

Ine ndidakhalako zaka zinayi, osati m'nyumba yaikulu koma m'kanyumba ka kuseri kaja, kamene ndinkachita lendi ndili mphunzitsi wachinyamata. Tsiku lina m'mawa, potuluka pa geti ndi mabuku anga, ndidaona magalimoto atandanda m'mbali mwa msewu kutsogolo kwa nyumba yoyandikana nafe. Ndidafunsa mlonda wa pamenepo, bambo wachikulire wa ku Thyolo: "Kodi bambo, kwagwanji kuno?" Iye adavula chipewa nati: "Aphunzitsi, simudamve kodi? Mayi a pakhomo pano adatisiya dzana. Lero akunyamula kupita kumudzi." Ndidaima ngati chitsa. Khoma limodzi lokha lidatilekanitsa, koma mayiyo adadwala, namwalira, nagona masiku awiri, ife tikudya ndi kuseka kuseri kwa khomalo osadziwa kanthu. Ngakhale dzina lawo sindinkalidziwa.

Ku Ndirande, kumene ndidakulira, zotere sizikadachitika. Kulira kukangomveka usiku, amayi amavala zitenje n'kuthamangira ku siwa, abambo amasonkha moto panja, achinyamata amayala masamba pamsewu, ndipo mbale ya chipepeso imayenda khomo ndi khomo popanda kufunsa kuti womwalirayo adali wa mtundu wanji kapena wa mpingo uti. Sindikuyamikira umphawi ayi. Ndikudziwa matope, ngalande zonunkha ndi mizere ya zidebe pa kiyosiki ya madzi. Koma kumeneko munthu ali ndi wopala naye moto. Ku Sunnyside ndidaona kuti mitundu khumi ikhoza kugona pamsewu umodzi kwa zaka makumi awiri popanda kubwerekana ngakhale mchere.

Apa ndiye pagona mfundo yanga. Tsankho la khungu lidachoka, koma pamalo pake padalowa khoma la njerwa ndi mtengo wa nyumba. Khoma limatsekera kunja mnansi, mtengo umatsekera kunja mphunzitsi, namwino ndi kalaliki. Kusanganikirana kwa mitundu kumene timanyadirako sikukhala kanthu ngati anthuwo amangoonana kudzera pa galasi la galimoto. Chimanga, nyemba ndi mtedza zikakhala m'matumba osiyana m'nkhokwe imodzi, sitinena kuti taphika chakudya.

Komabe ndisanamize dera limene lidandisunga. Usiku wina wa dzinja mwana wa munthu wosamalira maluwa pa poloti yathu adayamba kukomoka ndi malungo. Mwini nyumba adali kunja kwa dziko, ndipo nthawi imeneyo kudalibe za kabaza wa njinga yamoto. Bambo wa mwanayo adandidzutsa misozi ili m'maso, ndipo tonse awiri tidakagogoda pa geti ya Mmwenye wina wa kutsidya kwa msewu, munthu amene tinkamuona ngati wonyada chifukwa sadatipatsepo moni. Iye adatuluka atavala zogonera, namva nkhaniyo, nati m'Chichewa chomveka bwino: "Musataye nthawi, achimwene, lowetsani mwanayo." Adatitengera kuchipatala, nakhala nafe pa benchi mpaka kunja kudayera, ndipo mwanayo adachira. Pobwerera adatiuza kuti iyenso kwa zaka zonsezo ankaganiza kuti ife sitifuna kulankhula naye. Onani tsono: umunthu udalipo mbali zonse ziwiri za msewu, chidasowa ndi wogogoda.

Nanga n'chifukwa chiyani munthu angafune kugula nyumba kudera lotere? Yankho loyamba ndi mtunda. Kalembera wa 1966 adapeza anthu pafupifupi 109,000 mu mzinda wa Blantyre, pamene wa 2018 adapeza oposa 800,000. Misewu sidakule kasanu ndi kawiri monga adachulukira anthu. Amene adaimapo pa Ginnery Corner madzulo, magalimoto atathithikana mu msewu wa Masauko Chipembere, akudziwa kuti ola ndi chuma. Wokhala pafupi ndi tauni amapulumutsa mafuta, amafika kuchipatala cha Queen Elizabeth Central msanga, ndipo amadya chakudya chamadzulo ndi ana ake asadagone. Pamene mafuta a galimoto adasowa mu 2011 ndi 2012, ndiponso mu 2022 ndi zaka zotsatira, woyenda pansi kupita kuntchito ndiye adali mfumu.

Yankho lachiwiri ndi nthaka yokhazikika. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, nakwirira mabanja ku Chilobwe ndi ku Manja. Anthuwo sadamange m'mphepete mwa phiri chifukwa chokonda malo okwera. Adamanga kumeneko chifukwa malo abwino a pafupi ndi ntchito ali ndi eni ake ochepa, ndipo wosauka amakankhidwira kumene madzi amadutsa. Ndiye chifukwa chake ndidati za ku Sunnyside zikukhudzani. Poloti imodzi yaikulu yokhala banja limodzi pakati pa mzinda ili ndi mnzake wosaoneka: mabanja angapo okangamira pa phompho.

Tsopano tikambe za kugula kwenikweniko, popeza ena mwa ana a sukulu amene mukuwerenga muno mudzakhala madokotala, maloya ndi amalonda, ndipo tsiku lina mudzaima pa geti ndi cheke m'manja. Choyamba ndi ndalama. Makolo athu ankasunga ku New Building Society, imene idayamba mu 1964 ndipo idasanduka NBS Bank mu 2004, nabwereka kumeneko ndalama zogulira nyumba. Koma ngongole ya nyumba imafuna ndalama yodekha, ndipo kwacha yathu sidadekhe: idagwetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 aliwonse mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 aliwonse mu Novembala 2023. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi idakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 pa 100 aliwonse, ndipo mabanki obwereketsa anthu amaonjezerapo pawo. Tiyeni tichite masamu a pa bolodi. Tiyerekeze kuti munthu wabwereka K100 miliyoni pa chiwongoladzanja cha 30 pa 100 aliwonse. Chaka choyamba chiwongoladzanja chokha ndi K30 miliyoni, ndiye kuti K2.5 miliyoni pamwezi, ngongole yeniyeniyo asadaikhudze. Mphunzitsi aliyense ayerekeze yekha ndi pepala lake la malipiro. N'chifukwa chake nyumba za kumadera otere zimagwera kwa amene ali ndi ndalama zapamanja, makampani, ndi abale athu ogwira ntchito kunja.

Chachiwiri ndi mapepala, ndipo pano ndilankhula ngati wolumidwapo. Nditagwira ntchito zaka zambiri, ine ndi mlamu wanga tidasonkherana kuti tigule kanyumba kakale, osati ku Sunnyside kwenikweniko koma kudera loyandikana nako. Ejenti wina wolankhula mokoma adationetsa nyumbayo, natidziwitsa kwa mnyamata amene adati ndiye mwini wake, natiuza kuti ogula ena akubwera mawa. Tidapereka chikole tsiku lomwelo. Patapita milungu itatu tidamva kuti nyumbayo idali ya bambo womwalira, kuti ana adalipo asanu ndi mmodzi a mimba ziwiri, ndi kuti mnyamatayo adalibe chilolezo cha khoti choyendetsera chuma cha masiye. Ndalama ija idabwerako theka lokha, pambuyo pa zaka ziwiri za kuyenda. Safunsa adadya phula, ndipo ife tidadya lokwanira.

Chomwecho wogula achite izi, ngakhale wogulitsayo atakhala mkulu wa mpingo. Apite ku ofesi ya kaundula wa malo akaone ngati dzina la m'kaundula ndi la wogulitsayo, ndiponso ngati nyumbayo sidaikidwe chikole ku banki kapena kuletsedwa ndi khoti. Adziwe ngati malowo ndi a umwini wamuyaya kapena a lizi. Ngati ndi a lizi, awerenge zaka zotsala, pakuti lizi ya zaka 99 imene idayamba m'nthawi ya atsamunda yatsala pang'ono kutha. Afunse ku khonsolo ngati msonkho wa nyumbayo udalipidwa, ndiponso aone mabilu a madzi ndi a magetsi, chifukwa ngongole zotere zimadikira pakhomo. Ngati mwini wake adamwalira, aone chikalata cha khoti cha woyendetsa chuma cha masiye, monga lifunira lamulo la 2011 la chuma cha anthu omwalira, limene lidabwera kudzateteza akazi amasiye ndi ana. Wosakhala nzika adziwe kuti lamulo la za malo la 2016, limene lidakonzedwanso mu 2022, lidamangitsa kwambiri njira zopezera malo kwa alendo. Ndipo ndalama idzere kwa loya, isadzere m'thumba la ejenti. Malipiro a loya amawawa tsiku limodzi, mlandu wa malo umawawa mpaka kwa adzukulu.

Chachitatu ndi nyumbayo. Nyumba zakale za ku Sunnyside zili ndi makoma ochindikala ndi makhonde otakasuka, koma zilinso ndi ukalamba wake: chiswe m'mitengo ya denga, mapaipi a dzimbiri, mawaya akale, ndi mizu ya mitengo imene imang'amba maziko. Wogula apite ndi mmisiri wodziwa, ndipo apiteko nthawi ya mvula. Asaiwalenso kuti mpanda sutchinga mavuto a mzinda. Madzi ambiri a Blantyre amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kukwezedwa mtunda wautali ndi mphamvu ya magetsi, kotero magetsi akazima mpopi wa ku Sunnyside umauma pamodzi ndi wa ku Bangwe. Pamene namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, mdima sudasankhe dera. Mtsinje wa Mudi umene umanyamula zonyansa za m'tauni sufunsa mtengo wa poloti usadanunkhe. Wolemera agula thanki, jenereta ndi sola, koma mpweya saugula wakewake.

Chachinayi, chimene palibe loya kapena mmisiri angakuonereni, ndi anansi. Kumudzi munthu asadamange amayamba wakaonekera kwa mfumu, nadziwa amene adzakhala kum'mawa ndi kumadzulo kwake. M'tauni timayeza poloti ndi tepi, timawerenga zipinda, koma za anthu a kuseri kwa khoma sitifunsa. Pamene zili choncho, ndi iwowo amene adzamva kukuwa kwanu akuba akalowa, ndi iwo adzaona utsi moto ukabuka inu muli kuntchito. Wogula nyumba amagula ndi anansi omwe, afune asafune. Ndipo kudera la mitundu yambiri anansi amafuna kuphunziridwa ngati phunziro la m'kalasi. Mnansi Msilamu ali ndi mwezi wake wosala kudya, ndipo maliro ake saachedwetsa. Mukazengereza kukapepesa mudzapeza ataika kale. Mhindu ali ndi chikondwerero chake cha nyali ndi makombola. Wa Sabata safuna phokoso la makina Loweruka m'mawa. Nafenso tili ndi zathu zimene zimadabwitsa ena: kwaya ya usiku wonse pa maliro, ndi chinkhoswe cha zokuzira mawu. Kudziwa zotere si kutaya chikhulupiriro chako. Ndi ulemu chabe.

Pali chinthu china chimene chikudya dera ngati Sunnyside mwakachetechete. Popeza lili pafupi ndi tauni, nyumba zambiri zikusanduka maofesi, malo ogona alendo, sukulu za mkaka ndi malo odyera. Mwini nyumba sitingamudzudzule kwambiri, pakuti bungwe limalipira lendi yoposa ya banja, ndipo limalipira pa nthawi yake. Koma ofesi si mnansi. Ikakwana 5 koloko amakhoma n'kumapita, msewu n'kutsala ndi alonda ndi agalu. Nyumba iliyonse yosanduka ofesi ndi banja limodzi lokankhidwira ku Chileka kapena ku Mpemba, ndi galimoto imodzi yoonjezera pa mzere wa m'mawa.

Maganizo anga tsono ndi awa. Khonsolo ya mzinda, pamodzi ndi Unduna wa za Malo ndi Malawi Housing Corporation, imene idakhazikitsidwa mu 1964 kuti imangire anthu nyumba, ilimbikitse kuti pa mapoloti aakulu a pafupi ndi tauni pazimangidwa nyumba zosanjikizana za nsanjika ziwiri kapena zitatu, zokhalamo anthu osati maofesi, ndi kuti munthu azitha kugula gawo lake m'nyumba yotere ndi chikalata chakechake. Pamalo pamene pakugona banja limodzi pangathe kugona mabanja asanu ndi atatu, mitengo ikuluikulu ili chiimire. Mphunzitsi amene sangagule poloti yathunthu angathe kugula kapena kuchita lendi zipinda zitatu. Pamenepo kusanganikirana kudzakhala kwenikweni, kosati kwa khungu lokha komanso kwa matumba.

Ndikumva kale otsutsa. Wina ati: "Ndidagula bata ndi ndalama zanga; mukabweretsa khamu, bata lithawa ndipo mtengo wa nyumba yanga ugwa." Wina ati: "Mpanda sitidamange chifukwa cha kunyada, akuba adatiphunzitsa." Mawu amenewa ali ndi choonadi chake, ndipo sindikuuza munthu kuti agumule khoma usiku uno. Amene adamangidwapo manja ndi achifwamba m'nyumba mwake safunika kulalikidwa. Ndivomerezanso kuti kuchulukitsa anthu popanda kukulitsa mapaipi a madzi ndi a zonyansa n'kuitana kolera, imene idatipha anthu oposa 1,000 mu 2022 ndi 2023. Koma ndifunse: msewu wotetezeka ndi uti, wodutsa anthu odziwana maina, kapena wa makoma aatali mbali zonse umene munthu angafwambidwe masana popanda womuona? Khoma limabisa mwini nyumba kwa wakuba, koma wakuba akangolumpha, limabisa wakubayo kwa anansi.

Amene adapitako ku South Africa akudziwa kuti ku Pretoria kulinso dera lotchedwa Sunnyside, lodzaza ndi nyumba zosanjikizana. Kale lidali la Azungu, koma malamulo a tsankho atathetsedwa mu 1991 mudalowa ophunzira, antchito a boma ndi alendo ochokera kumaiko ambiri a mu Africa. Phunziro lake lili pawiri. Nyumba zosanjikizana zidapatsa anthu wamba mwayi wokhala pakati pa mzinda. Koma pamene eni nyumba adangotolera lendi osakonza, ndi pamene anthu adathithikana mopyola muyeso, dera lidatchuka ndi umbanda. Ndiye kuti chofunika si kuopa anthu ambiri, koma kukonzekera: malamulo a kamangidwe otsatidwa, zinyalala zotoledwa, magetsi a mumsewu oyaka, ndi eni nyumba okhala pomwepo.

Kwa inu amene mwatsiriza sukulu ndinena izi. Musachite manyazi kuyamba ndi kanyumba ka kuseri kapena chipinda chimodzi. Tsokonombwe adatha mtunda n'kulumpha. Koma kulikonse kumene mudzakhale, phunzirani kuwerenga pepala musadasaine, ndipo phunzirani dzina la mnansi wanu sabata yoyamba. Mukadzakwera n'kufika m'nyumba yaikulu, mudzakumbukire kuti mlonda wa pa geti ndi mayi wochapa zovala nawonso ndi anthu a m'deralo. Amayenda wapansi kuchokera ku Manase, ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa, ndipo nthawi zambiri ndiwo okha amadziwa msewu wonse. Dzina lakale la kanyumba kawo lija tiyenera kulisiya m'mbiri pamodzi ndi mtima umene udalibala.

Kwa aphunzitsi anzanga, phunziro ili lili m'manja mwanu. Mukamaphunzitsa za malo ndi mbiri, musathere pa mapiri a Michiru, Soche ndi Ndirande. Afunseni ana chifukwa chake mapoloti a dera lina ndi aakulu pamene kwina denga likhudzana ndi denga, chifukwa chake mitengo ili uku osati uko, ndi amene adajambula malire amenewo. Mwana akadziwa kuti mzinda udakonzedwa ndi anthu, adzadziwanso kuti anthu angathe kuukonzanso. Ena mwa ana amenewo ndiwo adzakhale makhansala ndi akuluakulu oona za mapulani a mzinda.

Pomaliza ndibwerere kwa mayi aja amene adamwalira kuseri kwa khoma. Madzulo a tsiku limenelo ndidalimba mtima, ndidavala jekete, n'kukagogoda. Maliro adali atanyamuka kale, koma ndidapeza mchemwali wawo wachikulire atakhala pakhonde yekha. Nditapepesa, adandiyang'ana nthawi yaitali nati: "Zikomo, mwana wanga. Pamsewu wonse uno ndinu woyamba kulowa." Mawu amenewo sadandisangalatse, adandichititsa manyazi, ndipo akundichititsabe mpaka lero. Amene muli ndi nyumba ku Sunnyside, ku Namiwawa, ku Nyambadwe kapena ku Mount Pleasant, ndi inu amene mukulota zodzagulako, chikalata cha umwini chidzakupatsani njerwa ndi malata. Mudzi wokha sugulidwa kwa ejenti. Yambani ndi geti yoyandikana nanu Loweruka likudzali, mugogode, munene dzina lanu, ndipo mufunse lawo.